Kusankha hammock yogonera kutchire ndi zipangizo zoyenda nayo

Anthu ambiri akafuna kuyamba kugona panja pa hammock amagula nsalu yokha, ndipo kulakwitsa kwawo amakuzindikira pakati pa usiku, msana utazizira ngati agona pa simenti, udzudzu ukulira m'khutu, mame akudontha kuchokera m'masamba. Pa zonse zofunika, nsaluyo ndiyo yosavuta kusankha. Zimene zimagonetsa munthu tulo tabwino ndi malamba omangira pamtengo, chotchinga kuzizira kochokera kunsi, neti ndi lona, ndipo zonsezi zimasankhidwa munthu atadziwa kale malo ndi mwezi umene akagone. Wopita ku Cape Maclear mu Okutobala ndi wokwera phiri la Zomba mu Julayi sangalongedze katundu wofanana.

Kwa amene sanaionepo, hammock ndi nsalu yaitali yolimba imene imamangidwa mbali ziwiri pa mitengo, munthu n'kugona m'katimo ali lende, osakhudza pansi. Akuluakulu athu amakumbukira machila amene amishonale ndi mabwana a boma la atsamunda ankanyamulidwiramo paulendo, ndipo hammock ndi machila omwewo, kungoti m'malo mwa mapewa a anthu imalendewera pa mitengo yamoyo. Dzina lakuti hammock linachokera kwa anthu a mtundu wa Taíno a ku zilumba za Caribbean, kumene amalinyero a Christopher Columbus anaiona mu 1492, ndipo pambuyo pake inakhala bedi la amalinyero m'sitima za pamadzi kwa zaka mazana angapo. Ubwino wake kutchire ndi wakuti simufunafuna malo osalala. Pamalo otsetsereka, pamiyala, ngakhale pa nthaka yonyowa pamene tenti singakhomedwe, malinga pali mitengo iwiri yoyenera, mugona.

Nsalu yeniyeniyo

Musagule hammock yoluka ndi zingwe yokhala ndi timitengo topingasa kumutu ndi kumiyendo, ija timaiona m'mahotela a kunyanja. Imeneyo ndi yopumulirapo masana, ndipo munthu akatembenuka ali m'tulo imam'khuthulira pansi. Yogonera kutchire yofala kwambiri ndi imene nsalu yake imasonkhanitsidwa pamodzi mbali zonse ziwiri ngati kukamwa kwa thumba lomangidwa. Ndi yopepuka, ilibe chitsulo kapena mtengo woti ungathyoke, ndipo ikapindidwa imakwana m'kathumba kakang'ono. Palinso mtundu wina wotchedwa bridge, wokhala ndi timapaipi tiwiri totambasula nsalu, umene umagonetsa munthu mowongoka ngati pa bedi. Umakomera ogonera chammbali kapena chafufumimba, koma ndi wolemera, wokwera mtengo, ndipo nsonga za timapaipito zikhoza kuboola lona.

Utali ndiwo uyenera kuyang'anidwa mosamala kuposa china chilichonse cholembedwa pa phukusi. Ma hammock ambiri otsika mtengo ndi a mamita 2.7, ndipo munthu wamkulu akagonamo usiku wonse amadzuka mapewa atapanikizika ndi mawondo akuwawa. Yogonamo usiku wonse ikhale ya mamita 3.3, kapena osachepera mamita 3 kwa munthu wamfupi, ndipo m'lifupi ikhale ya mita imodzi ndi theka. Chifukwa chake chili pa kagonedwe. Pa hammock munthu sagona motsata mzere wa pakati, mutu kuloza mtengo uwu ndi miyendo kuloza mtengo uwo, chifukwa akatero thupi limapindika ngati nthochi. Amagona mopingasa pang'ono, mutu kumanzere kwa mzerewo ndi miyendo kumanja kwake, ndipo pamenepo nsalu imatambasuka, msana n'kuwongoka. Nsalu yaifupi siipereka mpata wopingasira. Muonanso zina zolembedwa kuti ndi za anthu awiri. Gulani ngati mukufuna nsalu yotakasuka, koma musayembekezere kuti anthu awiri akuluakulu angagonemo mpaka kucha, chifukwa onse amatsetserekera pakati n'kumakanikizana.

Nsalu zambiri ndi za nayiloni, ndipo kukhuthala kwa ulusi wake kumalembedwa ndi nambala yotsatiridwa ndi chilembo cha D. Ya 70D ndi yolimba ndipo imapirira kugwiritsidwa ntchito mosasamala kwenikweni. Ya 40D ili pakatikati, pamene ya 20D ndi yopyapyala, yoyenera okwera mapiri amene amawerengera gilamu iliyonse, koma siichedwa kubooka ndi kiyi wa m'thumba kapena munga. Ngati mukayang'anitsitsa nsaluyo mukuona timabokosi ting'onoting'ono toluka ndi ulusi wokhuthala, imeneyo ndi ripstop, ndipo timabokosito timaletsa kabowo kakang'ono kung'ambikira kutali. Polyester siitamuka ngati nayiloni, choncho imakomera amene amakonda pogona polimba. Onaninso makilogalamu amene opanga alemba kuti nsaluyo ingasenze, ndipo sankhani yoposa kulemera kwanu ndi mpata waukulu ndithu. Kuno kwathu ndimalimbikitsa nsalu yophatikiza ziwiri, ngakhale imalemera pang'ono, chifukwa udzudzu umatha kuluma kupyola nsalu imodzi yopyapyala pamene msana wagunda, komanso pakati pa nsalu ziwirizo mukhoza kulowetsamo chotchinga kuzizira osatsetsereka.

Mayina odziwika pa malonda amenewa ndi monga Hennessy Hammock ya ku Canada, Warbonnet ndi ENO za ku United States, DD Hammocks ya ku Edinburgh, ndi Ticket to the Moon ya ku Bali. Amene ali ndi abale ku Johannesburg kapena ku Britain akhoza kutumiza uthenga. Koma hammock yosonkhanitsidwa mbali zonse ziwiri ija ndi nsalu yowongoka chabe, ndipo telala wodziwa ntchito yake akhoza kuisoka mutam'pezera nsalu ya ripstop yokwanira. Apinde m'mbali monse, ndipo kumapeto konse kuwiri asiye mphako yodutsa chingwe yosokedwa mizere itatu ndi ulusi wa polyester, osati wa thonje. Chitenje sichingagwire ntchitoyi. Ndi chachifupi, ndipo kulumikiza ziwiri kumaika msoko pamalo pomwe thupi lonse latsamira.

Malamba ndi kapachikidwe

Chingwe chopyapyala, kaya cha nayiloni kaya cha khonje, chisazungulire mtengo. Munthu akagona, kulemera kwake konse kumathera pa kamzere kakang'ono kamene chingwe chadutsa, ndipo chimadula khungwa mpaka kufika pa gawo lanthete la mkati limene limayendetsa chakudya cha mtengo. Aliyense amene anaonapo mtengo wosendedwa luzi kuzungulira akudziwa mathero ake. Pamtengo pamafunika lamba wophwatalala wosachepera masentimita 2.5 m'lifupi, ndipo pa mitengo ya khungwa lofewa, wa masentimita 5 ndiye wabwino. Akhale wa polyester, chifukwa wa nayiloni amatamuka usiku, makamaka akanyowa, ndipo m'mawa mumapezeka matako akukhudza pansi. Malamba awiri a mamita 3 aliyense amakwana pa mitengo yambiri. Ngati malamba ogulitsidwa m'sitolo sakupezeka, malamba a pampando wa galimoto ochotsedwa m'galimoto zophwasulidwa ndi a polyester ndipo ndi otakata mokwanira, malinga musankhe osapsa ndi dzuwa, osanyenyeka m'mbali, komanso osachokera m'galimoto yochita ngozi.

Kwa woyamba kumene, malamba osokedwa timagoli tambirimbiri motsatizana ndiwo osavuta: mumazungulitsa pamtengo, n'kukola ngowe pa kagoli kamene kakupatsani utali woyenera, osamanga mfundo ngakhale imodzi. Ngowe zake, zotchedwa carabiner, zikhale zolembedwa mphamvu yake mu kN, ndipo kN imodzi ndi pafupifupi makilogalamu 100. Zija zokolera makiyi zogulitsidwa mumsika zimafanana nazo maonekedwe okha, ndipo zimawongoka munthu akangokhalapo. Okwera mapiri amakonda tizingwe topepuka ta ulusi wolimba kwambiri wa Dyneema totchedwa whoopie sling, timene timafupika ndi kutalika pongokoka, koma nato timalumikizidwa ku lamba, sitikhudza mtengo.

Cholakwa chofala kwambiri ndi kukoka hammock kuti ithine ngati chingwe choyanikira zovala, poganiza kuti ikathina ndiye iwongoka. Zoona zake n'zakuti ikathina, m'mbali mwake mumakufinyani mapewa, ndipo mphamvu yokoka malamba ndi mitengo imakwera modabwitsa. Lamba azitsika kuchokera pamtengo mopendekeka madigiri 30. Pa kupendekeka kumeneku, munthu wa makilogalamu 80 amakoka lamba aliyense ndi mphamvu ya makilogalamu 80. Mukathinitsa kufika pa madigiri 15 mphamvuyo imakwera kufika pafupifupi makilogalamu 155, ndipo pa madigiri 5 imafika pafupifupi 460, yokwanira kudula msoko, kuwongola ngowe, kapena kugwetsa chipilala cha njerwa cha pakhonde. Chifukwa cha chimenechi, musamangirire hammock pa zipilala za njerwa poyeserera kunyumba. Poyeza madigiriwo simufunika chipangizo: lozani ndi chala cha mkombaphala chogona mowongoka, chala chachikulu chitaimirira, ndipo mzere wochoka pansonga ya chala chachikulu kufika pansonga ya mkombaphala umapendekeka pafupifupi madigiri 30.

Mitengo italikirane mamita 4 mpaka 5, malamba amangidwe cha pa msinkhu wa mutu wanu, ndipo mukakhala pa hammock matako akhale pa msinkhu wa mpando, pafupifupi masentimita 45 kuchokera pansi. Kupachika pamwamba kuposa apo sikuwonjezera chilichonse kupatula kutalika kwa pogwera. Mbali ya kumiyendo ikwezeni masentimita 20 kapena 30 kuposa ya kumutu, chifukwa chifuwa ndi chiuno n'zolemera kuposa miyendo, ndipo mukapachika mofanana mumatsetserekera kumiyendo usiku wonse. Ma hammock abwino amabwera ndi kachingwe kosatamuka kolumikiza mapeto ake awiri pamwamba pa wogona. Kachingweka kamachititsa kuti nsalu ilendewere mofanana tsiku lililonse ngakhale mitengo italikirane mosiyana, ndipo ngati mukuika nokha, utali wake ukhale magawo 83 pa 100 a utali wa hammock, ndiye kuti pafupifupi mamita 2.75 pa hammock ya mamita 3.3. Kamathandizanso kupachikapo tochi ndi kutukula neti kuti isagwere kumaso.

Kuzizira kumachokera kunsi

Apa ndi pamene anthu ambiri amagwa ulesi ndi hammock, n'kuiweruza kuti ndi yosathandiza. Chofunda chilichonse chimafunditsa chifukwa cha mpweya wotsekeredwa m'kati mwa ubweya kapena nthenga zake. Mukagona m'thumba logonamo, gawo la kumsana limaphwatalala ndi kulemera kwa thupi, mpweya uja n'kutuluka, ndipo pakati pa msana wanu ndi mphepo ya usiku pamatsala nsalu zopyapyala zokha. Pansi pa tenti nthaka imaba kutentha pang'onopang'ono, koma pansi pa hammock pamadutsa mphepo, ndipo imachotsa kutenthako mosalekeza. Anthu ambiri amayamba kumva kuzizira kumsana kunja kukangotsika pansi pa madigiri 20, kutentha kumene m'nyumba munthu amangofunda nsalu yopyapyala. Ine ndinaphunzira zimenezi pa phiri la Zomba mwezi wa Julayi, nditafunda mabulangete awiri pamwamba koma kunsi kulibe kanthu. Chifuwa chinali thukuta, msana uli zii, ndipo tambala woyamba analira nditakhala pa moto.

Njira zothetsera vutoli ndi ziwiri. Yoyamba ndi kamatiresi kopyapyala ka siponji yolimba yosamwa madzi, kapena kopopa mpweya, koyala m'kati mwa hammock kapena pakati pa nsalu ziwiri zija. Ndi yotsika mtengo, ndipo ubwino wake wina ndi wakuti mukasowa mitengo mukhoza kugonapo pansi. Kuipa kwake n'kwakuti timatiresi tambiri ndi ta masentimita 50 okha m'lifupi, pamene nsalu ya hammock imakukutani mpaka m'mapewa, choncho mapewa ndi zigongono zimazizirabe. Funani kotakata masentimita 60 kapena kuposa, ndipo ngati ndi kopopa musakapope mpaka kulimba, kuti kazipindika motsata thupi.

Njira yachiwiri, imene ndi yabwino koposa, ndi underquilt, chofunda chimene chimapachikidwa kunja kwa hammock, kunsi kwake, ndi tizingwe tamphira. Popeza thupi silichipsinja, chimakhalabe chofufuma ndipo chimafunditsa msana wonse ndi mapewa. Chiyenera kugundana ndi nsalu ya hammock popanda mpata, chifukwa kampata kakang'ono kokha kamalowetsa mphepo. Cha nthenga za bakha kapena tsekwe n'chopepuka ndipo chimapindika pang'ono, koma chikanyowa sichifunditsa ndipo chimachedwa kuuma. Cha ubweya wopanga ku fakitale n'cholemera koma chimapirira chinyezi, ndipo kwa woyenda m'madera a chiperoni monga Mulanje ndi Thyolo, ndingasankhe chimenechi. Wosowa ndalama akhoza kutenga sleeping bag (thumba logonamo) yakale ya pa kaunjika, kuitsegula zipi yonse, telala n'kusokerera tizingwe tamphira m'makona, ndipo imagwira ntchito ndithu.

Posankha kukhuthala kwake, musayang'ane kutentha kwa masana. Kumapiri a Nyika kumagwa chisanu m'miyezi ya Juni ndi Julayi, ndipo pamwamba pa Mulanje, pamene nsonga ya Sapitwa imafika mamita 3,002, usiku wa nyengo imeneyo umayandikira madigiri 0. Nambala ya madigiri yolembedwa pa chofunda, yosonyeza kuzizira kumene chingapirire, ikhale yotsika ndi madigiri 5 kuposa kuzizira kumene mukuyembekezera. M'mbali mwa nyanja ndi ku Chigwa cha Shire mu Okutobala ndi Novembala nkhani imatembenuka: mphepo yodutsa kunsi ija ndiyo imasanduka dalitso, ndipo hammock imagonetsa bwino kuposa tenti iliyonse. Komabe m'miyezi ya mwera, ngakhale kunyanja, tengani kamatiresi.

Neti ndi lona

M'dziko la malungo neti si yokambirana, popeza udzudzu wofalitsa malungo umaluma usiku, nthawi yomwe muli m'tulo. Hammock yosokeredwa neti yake, yotsekedwa ndi zipi, ndiyo yosavuta ndipo siisiya mpata, koma yesani zipiyo kangapo musanagule chifukwa ndiyo imayamba kufa. Neti yapadera yovala hammock yonse ngati sokosi ili ndi ubwino wotchinga ndi kunsi komwe, ndipo mukhoza kuisiya kunyumba popita kumapiri ozizira. Neti ya m'nyumba yonyikidwa m'mankhwala ikhoza kuthandiza pakasowa zina, mutaiyanika pa kachingwe ka pamwamba kaja n'kuimanga mbali zonse ziwiri ndi kunsi, koma imakola msanga m'minga ndi m'tchire. Mulimonsemo, neti isagunde khungu, chifukwa chigongono chotsamira pa neti chimalumidwa ngati palibe neti.

Lona ndiye denga lanu. La mamita 3 mbali zonse ndi lokwanira pa ntchito zambiri. Pa hammock ya mamita 3.3 likhoza kupachikidwa mopingasa, kona ina kumutu ina kumiyendo, kuti litalike. Lamulo lake n'lakuti lipitirire mapeto a hammock ndi masentimita osachepera 30 mbali iliyonse. M'chilimwe lona laling'ono lotchinga mame ndi zitosi za mbalame ndi lokwanira, koma m'dzinja, kuyambira Disembala mpaka Malichi, pamene mvula imabwera ndi mphepo chammbali, mufunika lalikulu loti m'mbali mwake mutsike pafupi ndi nthaka. Kukana madzi kwa nsalu yake kumalembedwa mu mamilimita, ndipo la 2,000 kapena 3,000 limapirira mvula yathu. Lona la buluu la pamsika, lija timayanikirapo chimanga, limatchinga mvula bwino lomwe, kungoti ndi lolemera ndipo limasokosa mphepo ikamaomba. Kwa woyenda pa galimoto palibe vuto. Lona likhale ndi chingwe chakechake, osati cha hammock, ndipo mvula ikakupezani muyambe kupachika lonalo kuti zina zonse muzimasule muli pouma. Tengani zikhomo zisanu ndi chimodzi ndi tizingwe tokwanira. Pomaliza mangani kachingwe kakang'ono, ngakhale ka nsapato, pa lamba aliyense m'kati mwa mthunzi wa lona, nsonga yake ikulendewera. Madzi otsetsereka ndi lamba kuchokera pamtengo akafika pamenepo amadonthera pansi m'malo molowa pogona panu.

Mitengo ndi malo

Mtengo ukhale wamoyo, thunthu lake losachepera masentimita 20 m'mimba mwake, ndipo musanamange ugwedezeni ndi kuugogoda, chifukwa wodyedwa ndi chiswe umaoneka wabwinobwino kunja. Kenako yang'anani kumwamba. Nthambi youma yolendewera ndiyo ngozi yaikulu kwa wogona pa hammock, ndipo mitengo ya bulugamu imadziwika ndi kugwetsa nthambi mosayembekezereka. Pansi pa mvunguti musagone, pakuti zipatso zake zimalemera makilogalamu angapo ndipo zimagwa nthawi iliyonse, chimodzimodzinso pansi pa migwalangwa ndi kokonati. Papaya ndi nthochi si mitengo yomangapo, ndipo mlambe malamba anu sangauzungulire. Mitengo ya m'nkhalango za miombo, monga mombo, tsamba ndi msuku, ndi yolimba ndipo kawirikawiri imatalikirana bwino. Onaninso ngati pathunthu palibe msewu wa nyerere, chisa cha mavu kapena mphako ya njuchi, ndipo mukaona mzere wa linthumbu pafupi, samukani osalimbana nalo.

Sikuti paliponse pokongola pali mitengo. Pamwamba pa Mulanje ndi pa Nyika mbali yaikulu ndi udzu, ndipo pa Mulanje alendo amagona m'nyumba za pamwambapo monga za Chambe, Thuchila, Lichenya ndi Chisepo. Mkungudza wa pa Mulanje, umene ndi mtengo wa fuko lathu, watsala pang'ono kutheratu, choncho musamangepo kanthu, ngakhale ndi lamba wotakata. M'malo osungira nyama monga Liwonde, Majete ndi Nkhotakota, gonani pokhapo pamene oyang'anira alola, ndipo funsani musananyamuke ngati hammock imaloledwa, chifukwa kumene kuli njovu, afisi ndi mikango, tenti yotsekeka kapena nyumba ndiyo yoyenera. M'mbali mwa Shire ndi mitsinje ina yaikulu, mvuu zimatuluka usiku kukadya msipu ndipo zimadutsa njira zomwezo tsiku ndi tsiku, choncho kanjira koponderezeka kochokera kumadzi si malo opachikapo. M'dzinja pewani m'khwawa louma, limene likhoza kudzaza ndi mvula yogwa kutali, komanso mtengo wautali woima wokha pamtunda, umene umaitana mphenzi.

Zonse mukazipeza, gonani usiku umodzi kuseri kwa nyumba, pa mitengo ya mango ngati ilipo, musanapite nazo kutali. Pamenepo mudzadziwa ngati mapewa akuzizira, ngati neti ikugwera kumaso, ndiponso ngati mungathe kupachika lona mumdima ndi tochi yokha. Polowa, tambasulani nsalu ndi manja awiri, khalani pakati pang'onopang'ono ngati pampando kuti mumve ngati malamba agwira, kenako kwezani miyendo n'kupingasa thupi. Chotsani makiyi ndi mpeni m'matumba. Chikwama chipachikeni pa lamba wa kumiyendo pansi pa lona, ndipo chakudya chikhale patali ndi pogona chifukwa cha nyerere ndi makoswe. Nsapato zimangeni pamodzi n'kuzikoleka pa kachingwe ka pamwamba kapena pa lamba. Ngati zagona pansi, m'mawa zigugudeni mozondotsa musanalowetse phazi, chifukwa zinkhanira zimakonda malo ofunda ngati amenewo.